Tsiku la ana ndi buku la zoyamba zawo

Amayi aakulu: Moni nonse a m'banja lathu. Ndabwera ndi ganizo limene ndakhala nalo kwa nthawi ndithu, ndipo ndikupempha kuti aliyense aliwerenge mofatsa asanayankhe. Pakadali pano tili ndi ana 7 osakwana zaka 5, kuyambira khanda la miyezi iwiri mpaka mtsikana wathu wa zaka 4, koma sitinawaonepo onse akusewera pabwalo limodzi. Timakumana pa nkhani zikuluzikulu zokha, ndipo pamisonkhano yotero ana amangouzidwa kuti akhale chete kapena akasewere kutali. Ndikufuna tikhale ndi tsiku limene ana adzakhale eni ake, ife akuluakulu n'kukhala pansi kuwaonerera. Ndikufunanso tikhale ndi buku limodzi la banja, lolembamo tinthu tating'onoting'ono timene mwana aliyense wachita, chifukwa timeneti ndi timene timaiwalika msanga.

Amalume: Achemwali, ganizoli ndaligwirizana nalo ndi mtima wonse, makamaka la bukulo. Munthu akakula sakumbukira kwenikweni zimene zinamuchitikira asanakwane zaka zitatu, kotero kuti zaka zimene mwana amatisangalatsa kwambiri ndi zomwenso iyeyo sadzazidziwa, pokhapokha wina atamusungira. Za tsikulo, ndikupempha tisankhe Loweruka loyandikana ndi pa 11 Juni. Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku limeneli kuti likhale lokumbukira kusewera kwa ana padziko lonse, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2024. Ngakhale Pangano la Ufulu wa Ana la mu 1989, pa ndime 31, limanena kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Pabwalo panga pali malo okwanira ndi mthunzi, choncho ngati nonse mungavomere, tidzakumane kwathu.

Bambo a khanda: Zikomo amayi aakulu ndi amalume. Ine ndili kale ndi chinthu choyamba cholemba m'bukumo. Sabata yathayi, ndikumusintha thewera m'mawa, mwana wathu anandiyang'ana m'maso, n'kukhala kaye phee ngati akuganiza, kenaka n'kumwetulira. Kale ankamwetulira ali m'tulo, koma ulendo uno anali maso ndipo ankamwetulira ine. Ndinaitana amayi ake mofuula moti anabwera akuthamanga poganiza kuti pachitika choopsa. Usiku tikugona pang'ono kwambiri masiku ano, komabe tsiku limenelo ndinapita kuntchito ndili wopepuka thupi lonse.

Anamwino athu: Achimwene, mwaona bwino ndithu, ndipo kumwetulira kumeneko kumabwera nthawi yake imeneyi, mwana akakwana sabata 6 mpaka 8. Ndikukupemphani kuti akamwetulira kapena akatulutsa timawu, muzimuyankha nthawi yomweyo, kenaka muzidikira kuti iyenso ayankhe. Akatswiri a payunivesite ya Harvard amene amafufuza za kakulidwe ka ana amati kupatsana mpata kotereku ndi kumene kumamanga ubongo wa mwana, umene m'zaka zoyambirira umapanga malumikizano atsopano oposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse. Chimandisangalatsa ine n'chakuti chinthu chimene kholo limachita chifukwa chongokondwera ndi chomwechonso chimene mwana akuchifuna kuti akule.

Amake mapasa: Ife kuno nkhani zolemba n'zambiri moti buku limodzi silikwanira. Anyamata athu akwanitsa zaka ziwiri, ndipo ayamba kulumikiza mawu awiri. Wina amati “nsapato yanga” ngakhale nsapatoyo ikhale ya bambo ake, ndipo amaivala n'kumadzandira nayo m'nyumba monse ali ndi nkhope ya munthu wopita kuntchito. Mnzakeyo watulukira galasi. Poyamba ankafunafuna mwana winayo kuseri kwake, koma tsopano akaona kadontho pamphuno pake m'galasimo amagwira mphuno yakeyake, kusonyeza kuti wadzizindikira. Nthawi imene ndimaikonda koposa ndi yamadzulo akatha kusamba, pamene onse awiri amabwera kudzakhala pamiyendo panga, wina uku wina uku, tsitsi lidakali lonyowa, n'kumalimbirana kuti nditsegule tsamba liti. Amafuna nthano yomweyomweyo usiku uliwonse, ndipo ndikadumpha mawu amodzi okha amandibweza.

Alamu: Ndikuthokoza amayi aakulu chifukwa cha ganizoli, koma ndikupempha mundilole ndinene nkhawa yanga momasuka, popeza pano ndi pabanja. Mwana wathu ali ndi miyezi 15 ndipo sanayambe kuyenda yekha. Amaimirira atagwira mpando, amayenda chogwirira khoma, koma akangosiya amakhala pansi. Ndikuopa kuti bukuli lingasanduke mpikisano wa amene anayamba kuyenda kapena kulankhula, ndipo pa tsikulo aliyense azidzandifunsa kuti n'chifukwa chiyani wachedwa. Mafunso otere ndawamva kale kwa anthu ena, ndipo amandilanda chimwemwe chimene ndili nacho pa mwanayu.

Anamwino athu: Alamu anga, mwachita bwino kulankhula, ndipo ndikufuna banja lonse limve yankho ili. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira ana 816 athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Anapeza kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha nthawi ina iliyonse kuchokera pa miyezi 8 mpaka pafupifupi miyezi 18, ndipo kukhala pansi osagwiriziza kumayamba pakati pa miyezi 4 ndi 9. Anapezanso kuti ana 4 pa 100 alionse sakwawa n'komwe ndi manja ndi maondo, amangopitirira kukaimirira. Choncho wathuyu ali mkati mwenimweni mwa nthawi yake, ndipo kuyenda chogwirira khomako ndi chizindikiro chabwino. Akadzafika miyezi 18 asanayende, kapena akasiya kuchita zimene ankatha kale, pamenepo ndiye mudzapite naye kuchipatala kuti akamuone. Padakali pano muzimusiya azisewera pansi opanda nsapato pamalo oyera, ndipo muziika chidole chake patali pang'ono kuti azichilondola.

Agogo (uthenga wolembedwa ndi mdzukulu wawo): Ana anga ndi adzukulu anga, ndamva zonse zimene mwalemba. Iwe mpongozi wanga, mtima ukhale pansi. Pa ana amene ndinabereka, amene anachedwa kuyenda ndi amalume anuwa, ndipo atangoyamba palibe amene ankawapeza pa liwiro. Ndikulamula kuti m'bukumo musalembe kuti uyu anaposa uyu. Mulembe chimene mwana anachita, amene analipo, ndi mmene munamvera mumtima. Ndikufunanso tsamba langa, chifukwa ndikukumbukira mawu oyamba a aliyense wa inu, ndipo ndikufuna alembedwe ndikadali ndi mphamvu zowanena.

Alamu: Zikomo kwambiri agogo, zikomonso alamu anga, mtima wanga wapepuka. Ngati zili choncho, nanenso ndili ndi cholemba. Mwanayu ndikabisa nkhope ndi nsalu kenaka n'kuivundukula, amaseka mpaka kugwa chagada, ndipo masiku ano wayamba kudzibisa yekha. Amaphimba maso ndi manja n'kumaganiza kuti thupi lonse labisika, ndiye ine ndimayendayenda m'chipindamo ndikumuitana, iye akudzigwira kuti asaseke mpaka kulephera. Wayambanso kundipatsa chilichonse chimene watola, kaya ndi tsamba kaya chivundikiro cha botolo, n'kudikira kuti ndinene zikomo asanachilandenso.

Amayi aakulu: Zoterezi ndi zimene ndimafuna, mwana wanga. Mawu a agogo akhale lamulo la bukuli, ndipo ndidzawalemba patsamba loyamba. Tsopano tikambirane dongosolo la tsikulo, chifukwa ana a misinkhu yosiyana chonchi sangasewere mofanana.

Anamwino athu: Amayi aakulu, ndikupempha tiyambe m'mawa ndi kumaliza masewera dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa aang'onowa amafunika kugona masana. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, wa zaka 3 ndi 4 maola 10 mpaka 13, ndipo khanda losakwana miyezi inayi maola 14 mpaka 17. Choncho amalume atikonzere chipinda chimodzi chabata. Malangizo omwewo amati ana oyambira chaka chimodzi azitakataka mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri asamapatsidwe foni kapena kuonetsedwa TV. Ndikupempha kuti tsiku limenelo mafoni athu akhale m'zikwama. Tisadabwenso tikadzaona a zaka ziwiri akukhala moyandikana aliyense akusewera zake, kapena akukanizana chidole, chifukwa pa msinkhu umenewo kugawana kumakhala kusanakhwime, ndipo si mwano.

Amalume: Chipindacho chilipo, mdzukulu wanga, ndipo pabwalo ndidzachotsa ndowa zonse za madzi, tinthu tating'ono timene mwana angameze, ndi chilichonse chakuthwa. Ndidzasonkhanitsa makatoni akuluakulu, chifukwa ndaona kuti mwana amatha kusiya chidole chogula n'kutha ola lonse akulowa ndi kutuluka m'katoni. Za zithunzi, ndikupempha munthu mmodzi yekha ndiye adzajambule, ndipo zithunzizo zikhale za pagulu lino ndi za m'buku. Wina asaike mwana wa mnzake pa Facebook makolo ake asanavomere.

Amake mapasa: Ndikugwirizana nazo amalume. Ine ndidzabweretsa mipira yofewa, mapepala ndi mapensulo amitundumitundu. Ndikupemphanso kuti mtsikana wathu wa zaka 4 apatsidwe udindo, chifukwa ndiye mkulu wa anzake ndipo amakonda kufunsa mafunso osatha. Tsiku lina anandifunsa ngati mwezi umatitsatira chifukwa choti ukuopa kutsala wokha, ndipo ndikuona kuti mafunso ake akuyenera tsamba lawolawo. Pa tsikulo akhoza kujambula chithunzi cha pachikuto cha bukulo.

Bambo a khanda: Ntchito yojambula zithunzi ndiitenga ine. Ndikupemphanso kuti abambo tonse tidzakhale pansi pamodzi ndi anawo, aliyense anyamule, aimbe ndi kukwawa nawo, m'malo mokhala patokha n'kumacheza zathu. Amayi a ana akhale ndi mpata wopuma ndi kuonerera.

Amayi aakulu: Tamvana tsono. Tikumana kwa amalume Loweruka loyandikana ndi pa 11 Juni, kuyambira 9 koloko m'mawa. Buku ndigula ine, lachikuto cholimba, ndipo mwana aliyense adzakhala ndi masamba ake, kuphatikiza masamba ena osalemba osungira amene adzabadwe m'tsogolo. Tsikulo likadzatha, bukuli lizidzakhala mwezi umodzi m'nyumba iliyonse, kuyambira kwa alamu anu. Kholo lililonse linditumizire zinthu zitatu za mwana wake mwezi uno usanathe, ndipo mdzukulu amene amakhala ndi agogo ayambe mawa kulemba zimene agogo akukumbukira.

Alamu: Ndalandira ndi manja awiri, amayi aakulu. Zathu zitatuzo ndikutumizirani madzulo ano mwana akagona.