Kodi ndisankhe mankhwala ati oteteza loshoni kuti asachite chuku?

WaZodzola_Zomba

Moni nonse. Ndimapanga mafuta odzola pakhomo ndipo ndimagulitsa kwa amayi a kumpingo ndi a m'maofesi kuno ku Zomba. Kuyambira kale ndimapanga mafuta olimba a shea butter osakaniza ndi mafuta a njere za malambe, opanda ngakhale dontho la madzi, ndipo amenewa sanandivutepo. Tsopano makasitomala akufuna loshoni wopepuka wolowa msanga pakhungu, choncho ndikuyesa wina amene pa magalamu 100 alionse muli madzi magalamu 65, madzi a aloe vera 10, mafuta a malambe ndi a mpendadzuwa 15, emulsifying wax (phula logwirizanitsa madzi ndi mafuta) 5, glycerine 4, ndipo galamu yotsalayo ndi ya vitamini E ndi fungo. Woyesera amene ndinamuika pashelefu anatulutsa timadontho takuda ndi tobiriwira kunsi kwa chivundikiro mwezi usanathe.

Amene amandigulitsa zipangizo ali ndi mankhwala otetezera a mitundu itatu: Euxyl PE 9010, Liquid Germall Plus, komanso potassium sorbate amene amati ndizimuphatikiza ndi sodium benzoate. Anzanga ena akuti vitamini E ndi wokwanira, pamene ena akuti ndigule madzi a njere za grapefruit. Makasitomala anga ambiri anawerenga pa WhatsApp kuti ma paraben, amene ndi gulu lina la mankhwala otetezera zodzola, amayambitsa khansa, ndipo amafuna kumva kuti zonse ndi zachilengedwe. Kodi pa muyezo umenewu ndisankhe ati, ndipo ndithire ochuluka bwanji?

Mphunzitsi_WaSayansi

Zikomo amayi polemba muyezo wonse, chifukwa yankho lagona pomwepo. Mafuta anu olimba sanakuvuteni chifukwa mabakiteriya, yisiti ndi chuku sizingaswane popanda madzi. Loshoni watsopanoyu, magawo atatu mwa magawo anayi alionse ndi madzi, ndipo aloe vera wabweretsamo shuga ndi michere ina imene tizilomboti timadya. Timadontho mwaonato ndi chuku, koma chodetsa nkhawa kwambiri ndi mabakiteriya, chifukwa iwo amatha kuchulukana loshoni akuonekabe woyera ndiponso akununkhira bwinobwino. Mmodzi mwa iwo, Pseudomonas aeruginosa, amakonda malo a chinyezi, ndipo akalowa m'diso kapena pachilonda amayambitsa matenda ovuta kuchiza.

Vitamini E ntchito yake ndi ina. Amachedwetsa fungo lija la mafuta okhalitsa, limene limabwera mafuta akamakumana ndi mpweya, koma sapha tizilombo. Musamuchotse, popeza mafuta a mpendadzuwa sachedwa kuyamba fungolo, koma musamuwerengere ngati wotetezera. Za njere za grapefruit, mu 1999 akatswiri a pa yunivesite ya Greifswald ku Germany anayeza mitundu 6 yogulitsidwa m'masitolo, ndipo anapeza kuti mitundu 5 imene inkapha tizilombo inali ndi benzethonium chloride, mankhwala opangidwa kufakitale. Mtundu umodzi umene unalibe mankhwala owonjezera sunaphe kanthu.

Potassium sorbate ndi sodium benzoate amakopa anthu chifukwa ndi omwewo amene amathiridwa m'zakumwa ndi m'zakudya, ndipo makasitomala anu sangawaope. Vuto lawo ndi lakuti amagwira ntchito pokhapokha akasanduka asidi m'kati mwa loshoniyo, ndipo kusandukako kumadalira pH, nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi imene imatsika asidi akamachuluka. Pa pH 4.8 pafupifupi theka la sorbate ndilo limagwira ntchito, pa pH 6 imatsala 5 peresenti yokha, ndipo pa pH 7 sifika ngakhale 1 peresenti. Benzoate ndiye amafooka msanga kuposa pamenepo, chifukwa theka lake limagwira pa pH 4.2, ndipo pofika pa pH 6 imatsala yosakwana 2 peresenti. Munthu akhoza kuthira muyezo woyenera wa mankhwala awiriwa, n'kulemba mayina awo palebulo moona mtima, loshoni wake n'kukhalabe wosatetezedwa chifukwa chakuti pH ili pa 6.5. Mukawasankha, muyenera kutsitsa pH ndi citric acid mpaka ikhale pakati pa 4.5 ndi 5, ndipo muziyeza nthawi iliyonse mukapanga. Dziwaninso kuti mphamvu zawo zili pa chuku ndi yisiti koposa pa mabakiteriya, ndiponso kuti sorbate amachititsa khungu la anthu ena kuyabwa ndi kutentha akangodzola. Musanagule chilichonse mwa zitatuzo, yambani mwayeza pH ya loshoni wanu.

WaKuLabotale_Blantyre

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa zonse anenazi, ndipo ine ndingopitiriza ndi mitundu iwiri imene aisiya. Ndizitchula malire a m'malamulo a mayiko a European Union, a mu Regulation 1223/2009, chifukwa analembedwa poyera ndipo opanga zodzola a m'mayiko ambiri amawagwiritsa ntchito ngati poyambira.

Pa muyezo wanu, achemwali, ine ndingasankhe Euxyl PE 9010. M'menemo muli phenoxyethanol 90 peresenti ndi ethylhexylglycerin 10 peresenti, ndipo amathiridwa pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti ya loshoni yense. Malire a phenoxyethanol ndi 1 peresenti, choncho mukathira magalamu 10 pa kilogalamu imodzi mumakhalabe m'kati mwa malire. Ubwino wake kwa munthu wopanga pakhomo ndi wakuti sasamala kwenikweni za pH ndipo sawonongeka ndi kutentha kwa pophika loshoni, motero pH ikasuntha pang'ono chitetezo sichitha. Phenoxyethanol ndi wamphamvu pa mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas, koma pa chuku ndi wofookerapo, ndipo popeza aloe vera amaitana chuku, ndi bwino kumuthandiza ndi disodium EDTA magalamu 1 kapena 2 pa kilogalamu. EDTA payekha sateteza, koma amamanga calcium, magnesium ndi iron zimene tizilombo timafuna, ndiponso amafooketsa khungu la mabakiteriya kuti mankhwala alowe mosavuta.

Liquid Germall Plus amagwira ntchito kwambiri ngakhale pa 0.5 peresenti, bola athiridwe loshoni atazizira kufika pansi pa madigiri 50. Komabe muli zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Muli diazolidinyl urea, amene amateteza potulutsa pang'onopang'ono formaldehyde, mankhwala opha tizilombo, ndipo anthu amene khungu lawo limadana ndi formaldehyde amatuluka ziwengo. Mulinso IPBC, mankhwala opha chuku amene ali ndi ayodini, ndipo malamulo a ku Ulaya salola IPBC mu loshoni wodzola thupi lonse. Mu shampu kapena sopo wamadzi wosambira m'manja ndikhoza kumuganizira, koma mu loshoni wa thupi ayi.

Tsopano za ma paraben, chifukwa pamenepa pali nkhani imene makasitomala anu sanaimve yonse. Mantha anayamba mu 2004, pamene akatswiri a pa yunivesite ya Reading ku Britain anapeza ma paraben m'zotupa za khansa ya m'mawere za anthu 20. Kafukufukuyo sanayerekeze zotupazo ndi mawere a anthu opanda khansa, ndipo sanasonyeze kuti ma paraben ndiwo anayambitsa matendawo, koma uthenga unali utafala kale. Akuluakulu a ku Ulaya ataunikanso, mu 2014 analetsa mitundu 5 ya ma paraben imene inalibe umboni wokwanira woti ndi yosavulaza, anatsitsa propylparaben ndi butylparaben kufika pa 0.14 peresenti, koma methylparaben ndi ethylparaben anawasiya pa 0.4 peresenti aliyense. Chomvetsa chisoni ndi chimene chinachitika pakati pa zaka zimenezi. Makampani ambiri pothawa ma paraben anathamangira ku methylisothiazolinone, ndipo madokotala a khungu anayamba kulandira anthu ochuluka otupa nkhope ndi manja chifukwa cha mankhwala atsopanowo, kuphatikizapo makolo amene ankapukuta ana ndi timapepala tonyowa tija. Mu 2017 methylisothiazolinone analetsedwa ku Ulaya m'zodzola zonse zosatsukidwa, ndipo m'zotsukidwa monga shampu analoledwa 0.0015 peresenti yokha. Sindikunena kuti mugule ma paraben makasitomala anu asakuwafuna. Ndikungopempha kuti wina akakutsatsani botolo lolembedwa kuti mulibe paraben, mufunse kuti nanga muli chiyani, ndipo mukaona Kathon CG, amene muli methylisothiazolinone, kapena dzina lililonse lothera ndi isothiazolinone musathire mu loshoni.

Umboni weniweni woti mankhwala akugwira umachokera ku labotale. Pa kuyeza kwa ISO 11930, amathira dala m'loshoni tizilombo ta mitundu 5, Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus, Escherichia coli, Candida albicans ndi Aspergillus brasiliensis, kenako amawerenga totsala pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Popeza mukugulitsa kwa anthu, pitani ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zimene amafuna pa zodzola ndi zimene angakuyezereni.

MayiWaSopo_Nchalo

Ine si wa sayansi ngati abambo awiriwa, koma ndimapanga sopo wamadzi ndi loshoni kuno ku Chigwa cha Shire, kumene mu Okutobala botolo losiyidwa pawindo limatentha ngati lachoka pamoto. Loshoni wa aloe vera kotentha chonchi sasiyana ndi nyemba zogona zosafunditsa. Chimene ndikufuna kuwonjezera ndi chakuti mankhwala otetezera sangathe kupha tizilombo tonse timene mwalowetsa nokha popanga, ngakhale mutathira mpaka pamalire.

Madzi a pampopi kapena a pamjigo musagwiritse ntchito. Gulani madzi a distilled, oyeretsedwa powasandutsa nthunzi, ndipo muziwatenthetsa pamodzi ndi glycerine mpaka madigiri 70 kwa mphindi 20 musanasakanize ndi mafuta. Ziwiya, masupuni ndi mabotolo muzipopera spiriti wa 70 peresenti n'kudikira kuti ziume zokha, osazipukuta ndi nsalu ya kukhitchini. Musatseke chivundikiro loshoni akadali wofunda, chifukwa nthunzi imasanduka timadontho ta madzi kunsi kwa chivundikirocho, ndipo m'timadonthomo mulibe mankhwala aliwonse. Mwanena kuti chuku chinayambira kunsi kwa chivundikiro, ndiye ndikukayikira kuti zimenezi zinathandizira.

Funso langa kwa inu ndi la aloe vera. Ngati mukudula wa m'dimba n'kukanda madzi ake nokha, ine ndingati mulekeni, chifukwa amabwera ndi tizilombo take kuchokera kumunda ndipo ndi wovuta kwambiri kumuteteza. Wa ufa wogula ndiye wabwino, mumasungunula pang'ono m'madzi otentha aja. Komanso botolo la pampu limaposa mkebe wotsegula, umene mayi amapisamo chala akuchokera kosamba, kenako mwana, kenako mlendo.

Pa nkhani ya zachilengedwe ndikusiyana pang'ono ndi abambo a ku labotale. Kasitomala akafunsa, sayembekeza phunziro la malamulo a ku Ulaya, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi yankho lalifupi. Ine ndimawauza kuti mafuta a malambe ndi aloe ndi zachilengedwe, koma muli galamu imodzi pa 100 ya mankhwala oletsa kuti loshoni asawole, ndipo ndimalemba dzina lake palebulo. Amene sakufuna mankhwala aliwonse ndimawagulitsa mafuta olimba opanda madzi. Pomaliza, gulani sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 galamu, chifukwa mukamayesa magalamu 100 okha, sikelo ya kukhitchini singasiyanitse theka la galamu ndi galamu imodzi ndi theka.

WaZodzola_Zomba

Zikomo kwambiri nonse atatu. Aloe vera ndi wa m'dimba langa, ndipo ndisintha n'kugula wa ufa monga mwanenera amayi. Ndayeza ndi timapepala toyezera pH ndipo mtundu ukuoneka kuti uli pakati pa 6 ndi 7, zimene zikutanthauza kuti sorbate ndi benzoate paokha sakanandithandiza. Ndasankha Euxyl PE 9010 pa 1 peresenti pamodzi ndi EDTA. Ndili ndi mafunso awiri otsala kwa abambo a ku labotale. Kodi ndikhoza kuwonjezerapo potassium sorbate pang'ono kuti athandize pa chuku? Ndipo kodi loshoni yemweyu ndingamugulitse kwa amayi ofuna kudzoza makanda?

WaKuLabotale_Blantyre

Mukhoza kuwonjezera sorbate magalamu 2 pa kilogalamu, achemwali, koma pokhapokha mutatsitsa pH kufika pa 5, apo ayi mungowononga ndalama. Kutsitsako n'kwabwinonso pakhungu, popeza khungu la munthu limakhala cha pamenepo. Sungunulani citric acid m'madzi a distilled, muzithira madontho ochepa, kutakasa, n'kuyeza, chifukwa pH imagwa mwadzidzidzi. Timapepala timanamiza pa loshoni chifukwa mafuta amaphimba mtundu wake, choncho sakanizani galamu imodzi ya loshoni ndi magalamu 9 a madzi a distilled n'kuyeza zimenezo, ndipo ndalama zikapezeka gulani kamakina koyezera pH pamodzi ndi madzi ake okonzera a pH 4 ndi pH 7. Kumbukirani kuchotsa pa madzi magalamu onse amene mwawonjezera, kuti muyezo ukhalebe 100.

Za makanda, akatswiri sanagwirizane kotheratu. Mu 2012 bungwe loona za mankhwala ku France, ANSM, linalangiza kuti phenoxyethanol asathiridwe m'zodzola za pamalo ovala thewera kwa ana osakwana zaka 3, ndipo m'zodzola zina za ana amenewa asapitirire 0.4 peresenti. Mu 2016 komiti ya sayansi ya European Union, SCCS, inaunika nkhaniyi n'kunena kuti 1 peresenti ndi yosavulaza kwa anthu a misinkhu yonse. Komabe loshoni wanu ali ndi fungo lothira, ndipo zodzola za ana osakwana zaka 3 zimayenera kukhala ndi tizilombo tochepa kwambiri kuposa za akuluakulu, zimene simungazitsimikize ndi maso. Mpaka mutalandira zotsatira za ku labotale, amayi a makanda muziwapatsa mafuta olimba aja a shea ndi malambe, opanda fungo lothira.