Thanki imodzi yaikulu kapena ziwiri? Gulu la chitukuko cha kwathu ku Dedza, nthambi ya Harare

Mlembi, Mufakose:
Mwaswera bwanji nonse. Ahedi a pasukulu ya kumudzi ayankha. Buloko ija ndi ya makalasi awiri, denga la malata, mamita 18 m'litali ndi 8 m'lifupi. Ana alipo 400. Tsono tigwirizane posungira madzi a mvula ochokera padengali: thanki imodzi ya malita 10,000 kapena ziwiri za 5,000?

Amalume, Mbare:
Imodzi yaikulu basi. Yoti munthu akamadutsa pamsewu aziiona, adziwe kuti a ku Harare sanaiwale kwawo.

Aphunzitsi, Glen View:
Amalume, ndiloleni ndiwerengetse kaye. Dengalo ndi masikweya mita 144. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Titenge mamilimita 800 pachaka, pafupifupi ngati kuno ku Harare, zikutipatsa malita 115,200. Tichotsepo otayika ndi odontha, titsale ndi 92,000. Ndiye kuti dengalo lingadzaze thanki yanuyo kasanu ndi kanayi. Madzi alipo ambiri, chotivuta ndi posungira. Mwana aliyense akatenga lita imodzi yokha patsiku, ndi ndowa 20 zimenezo. Malita 10,000 atha m'masiku 25 a sukulu. Mvula ikaleka mu Epulo, pofika Juni pampopi sipakutuluka kanthu.

Amalume, Mbare:
Aa, masabata asanu okha? Nanga tikuvutikiranji?

Amayi, Budiriro:
Achimwene, musagwe mphwayi. Ine kolera wa 2008 ndinamuona ndi maso anga kuno ku Budiriro. Anthu oposa 4,000 anapita m'dziko muno. Tinkadzuka mbandakucha ndi zigubu kukaima pamzere pa mjigo, mwana kumsana, ndipo madzi osambira m'manja pochoka kuchimbudzi tinkawaumira. Kolera amakonda nyengo ya mvula, nthawi imene thanki imakhala yodzadza. Madziwa akhale osamba m'manja ndi otsukira makapu a phala. Akumwa azitungabe ku mjigo. Tikatero afika patali, ndipo asungwana sazijomba phunziro loyamba chifukwa chotumidwa kukatunga.

Mmisiri, Epworth:
Amayi anena zoona. Ine ndili kumbali ya ziwiri. Denga ili limatsetsereka mbali ziwiri, ndiye thanki iliyonse izilandira mbali yake, osazunguliza mapaipi ataliatali omwe amadzathifuka. Imodzi ikabooka kapena ikamatsukidwa, inayo ikugwira ntchito. Koma chonde tisaumire simenti. Malita 5,000 amalemera matani asanu. Yanga ndinaikhazika pa njerwa zosanja, pakati pali mpata. Usiku wina mu Januwale ndinangomva phuu, pansi pang'ambika, madzi onse m'khola la nkhuku. Pafunika silabu yosalala, yokulirapo kuposa thankiyo. Chinanso, madzi a chizimalupsa asalowe. Amatsika ndi fumbi la chilimwe chonse ndi zitosi za mbalame, ayambe atayidwa kaye. Pakamwa pa thanki pakhale sefa, chivindikiro chitsekedwe, kuopa udzudzu ndi ndere.

Msungichuma, Highfield:
Zomwe tasonkha zikwanira malita 10,000, kaya imodzi kaya ziwiri. Koma masilabu awiri, mipopi iwiri ndi zolandirira madzi za m'mphepete mwa denga mbali zonse sitinaziwerengere. Amene simunapereke za mwezi watha, ndikukudikirani ndisanapite ku Mukuru kukatumiza ndalamazi.

Amalume, Mbare:
Chabwino ana inu, ziwirizo ndavomera. Koma pomanga musiye malo a yachitatu. Madzi onse aja aphunzitsi awerenga sangamangothera pansi ife tikuyang'ana.

Mlembi, Mufakose:
Ndalemba. Ndiwapempha ahedi atijambulire dengalo mbali zonse, tione ngati malata sanachite dzimbiri. Azakhali a ku Chitungwiza, simunalankhulepo, ndipo ndinu munapitako chaka chatha. Mjigo uja uli patali bwanji ndi sukulu?