Thandizeni: kodi 4,294,967,297 ndi prime number kapena ayi?

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu a masamu, ndigwireni mkono. Ndimaphunzitsa Fomu 3 kuno ku Ntcheu, ndipo Lachisanu mnyamata wina wa m'kalabu yathu ya masamu analemba nambalayi pa bolodi n'kunena kuti ndi prime, kutanthauza nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Akuti watenga 2 n'kumuchulukitsa yekha ka 32, kenako n'kuwonjezera 1. Ine ndinangoti tikambirana Lolemba, koma kunena zoona ndinalibe yankho.

Zomwe ndayesa: imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 alibe mwayi. Manambala ake ndikawaphatikiza akukwana 59, ndiye 3 sangaigawe. Ndayesanso 7, 11, 13 mpaka 97, paliponse pakutsala kanthu. Koma kuti munthu atsimikize ayenera kuyesa mpaka pa square root yake (nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala nambalayi), yomwe ndi 65,536 ndi kachidutswa. Ndigawe mpaka kumeneko pa kakyuleta ya pafoni? Pali njira yachidule?

Mayankho

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Aphunzitsi, musavutike, si prime. Ndi 641 × 6,700,417. Chulukitsani pamanja muone. Koma mwanayo musamuseke, wagwa m'dzenje lomwe anagwamo Pierre de Fermat wa ku France mu 1640. Iye anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 onse ndi ma prime, n'kukhulupirira kuti mzere wonsewo ndi wotero. Pamzerewo, kuti mupeze nambala yotsatira mumachotsa 1, n'kuchulukitsa yotsalayo ndi iyo yomwe, kenako n'kuwonjezera 1; yanuyi ndi yachisanu ndi chimodzi. Panapita zaka 92 mpaka katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anaiphwanya mu 1732.

Membala wobisa dzina:
Zikomo bambo. Ndachulukitsa, zatheka ndithu. Koma ana adzafunsa kuti 641 wachokera kuti. Sindikufuna kuti aoneke ngati wagwa kumwamba.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Apo ndiye pokoma. Euler anatsimikiza kuti prime iliyonse yogawa nambalayi iyenera kukhala yoti mukaigawa ndi 64 patsale 1. Ndiye lembani: 65, 129, 193, 257, 321, 385, 449, 513, 577, 641. Ana okha achotse zosakhala prime, monga 65 ndi 385 zothera ndi 5, komanso 129, 321 ndi 513 zogawika ndi 3. Zitsala zisanu: 193, 257, 449, 577 ndi 641. Gawani kalasi m'magulu asanu, gulu lililonse nambala yake. Gulu lomaliza lidzakuwa lokha.

Wophunzira za makompyuta, Blantyre:
Ine nambalayi ndinaizindikira msanga, chifukwa ukachotsapo 1 umapeza 4,294,967,296, kuchuluka kwa ma adiresi onse a IPv4, manambala ozindikiritsa makompyuta pa intaneti. Chenjezo lokha madamu kapena sala: makakyuleta ena otsika mtengo amangoonetsa manambala asanu ndi atatu, iyi ili nawo khumi. Ana agawe papepala.

Mayi wa ana atatu, Mzuzu:
Koma inu, ife a Fomu 2 yakale tangodutsa. Ndiye 6,700,417 nayenso amagawika?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Ayi mayi, ameneyo ndi prime. Choncho nambala yonseyi imagawika ndi manambala anayi basi: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Nambala yobadwa kwa ma prime awiri chonchi amaitcha semiprime.

Membala wobisa dzina:
Ndine madamu, achimwene a ku Blantyre. Magulu asanu ndawalemba kale, mnyamata uja ndamuika la 641.