Madzi a m'botolo ndi mankhwala a PFAS, ndithandizeni nzeru

Anzanga, mwana wanga ali ndi miyezi isanu, ndipo mkaka wake ndimasungunulira madzi a m'botolo poganiza kuti ndiwo abwino. Pansi pa bedi pali makatoni awiri osatsegula.

Dzulo ndawerenga za mankhwala a PFAS, aja opangidwa m'mafakitale, osawola, okhala m'magazi a munthu zaka zambiri. Akupezekanso m'madzi ena a m'botolo. Mu 2023 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika mtundu wina, PFOA, m'gulu la zoyambitsa khansa. Usiku wonse tulo osabwera. Ndatembenuza botolo uku ndi uku, papepala lake sanalembepo kanthu za PFAS.

Kodi kuwiritsa kumachepetsako, kapena ndigule sefa ya makala ija? Alipo anayezetsapo madzi ku labu? Munalipira zingati?