Fisi wa makala mu D&D: ndimupatse moto wochuluka bwanji?

Chikuni_d20: Akuluakulu, ndikukonza chilombo cha moto cha mu Dungeons & Dragons (D&D, masewero a patebulo osimba nkhani ndi kuponya madayisi), malamulo a 5e (mtundu wachisanu) a 2014. Osewera alipo anayi, onse pa level 3. Chilombocho ndi fisi wotuluka mu uvuni wa makala: thupi lonse ndi makala oyaka, akaseka mbaliwali zimathetheka mkamwa. Ndikufuna azilavula moto wa 6d6 (madayisi 6 a mbali 6) ngati hell hound, galu wa moto wa m'masewerowa, ndipo moto usamamupweteke n'komwe. Zikhala bwino, kapena ndimaliza gulu lonse usiku umodzi?

MwiniTebulo: Achimwene, yambani ndi masamu. Pa CR 3 (CR ndi mulingo wa ukali wa chilombo), tebulo la mu Dungeon Master's Guide, buku la woyendetsa masewero, limati chilombo chizichotsa HP (mapointi a moyo) 21 mpaka 26 pa raundi, ndipo DC yake (nambala yofunika kuifikira pa dayisi kuti upulumuke) ikhale 13. Mumawerengera maraundi atatu oyamba, ndipo moto wolavula mumauyesa kuti wagwira anthu awiri. Hell hound amakwana choncho: 6d6 pakatikati ndi 21, kawiri ndi 42, kuluma kawiri 14 ndi 14, zonse 70, kugawa patatu ndi 23.

Papepala zili bwino, koma wizard wa level 3 wa Constitution +1 amakhala ndi HP 17 basi. Akalephera saving throw (dayisi lodzipulumutsira) wagwa asanamenyeko ngakhale kamodzi. Tsitsani motowo ukhale 4d6, kutalika mafiti 15, ubwerenso d6 ikagwa pa 5 kapena 6. Kuluma kukhale 14. Zikupatsani pafupifupi 19 pa raundi, ndiye zotsalazo muziike pansi: paliponse pamene fisi waponda udzu wouma pazipsa, wolowamo kapena woyambiramo nthawi yake achotsedwe 1d6.

HP 45 ya hell hound ndi yochepa kwa chilombo chomenyana chokha ndi anthu anayi. Mupatseni 10d8+20, ndiye 65, AC (nambala yofunika kuifikira kuti umumenye) 14.

Nachidayisi: Ine nkhani yanga ili pa zoti moto usamamupweteke. Taonani kaye mapepala a osewera anu. Ngati pali sorcerer amene wadalira ma spell a moto a Fire Bolt ndi Burning Hands, mwamutsekera kunja kwa nkhondo yonse, angokhala n'kumasewera ndi foni. Ndi bwino moto uzimupweteka theka lokha, koma akaponyeredwa moto, mphamvu yake yolavula izibwerera pompo. Apo wosewera ali ndi chosankha: kumuvulaza pang'ono n'kumukolezera, kapena kufuna njira ina.

Njira inayo muikonzeretu, ndipo ikhale yolipira. Lamulo la fire elemental, chilombo chopangidwa ndi moto wokhawokha, ndi loti galoni imodzi ya madzi imachichotsera HP imodzi. Spell ya Create or Destroy Water pa level 1 imatulutsa magaloni 10, ndiye HP 10. Ndowa ya galoni ziwiri kapena zitatu ndiye osanena, palibe angataye nthawi yake yonse kuti achotse 3 pamene lupanga likuchotsa 8. Musakopere lamulo limenelo. Lembani kuti fisi akakhuthuliridwa ndowa yathunthu, kapena mchenga wonyowa, makala ake amazirala mpaka kutha kwa nthawi yake yotsatira: AC imatsika kufika 11, salavula, ndipo poponda pake sipapsa. Zikatero munthu wa ndowa ndiye wapulumutsa anzake. Onetsetsani kuti chitsime kapena mgolo ukuoneka pa mapu nkhondo isanayambe.

Utsi samalani nawo. Ukakhala wakuti bii, onse awiri osaonana, advantage ndi disadvantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga lalikulu, kapena laling'ono) zimafafanizana, choncho malupanga amagwira monga mwa masiku onse. Amene amavutika ndi a ma spell ofuna kuona mdani. Koma mukapatsa fisiyo blindsight (kuzindikira zomuzungulira popanda maso), aziluma ndi advantage pamene iwo akumenya ndi disadvantage, ndipo CR 3 ija yasanduka bodza.

Chikuni_d20: Zikomo akulu. Nanga moto wa pansiwo ndiuyendetse bwanji osachedwetsa masewero?

Phulusa_DM: Lamulo limodzi lokha. Poyamba ponyani d8 kuti mudziwe kolowera mphepo. Pa initiative 20 (initiative ndi mndandanda wa amene ayambe ndi amene atsatire) raundi iliyonse, moto uzidya bokosi limodzi la mafiti 5 kulowera komweko, ndipo bokosi limene lapsa maraundi awiri lisanduke lupsa, loyendamo bwinobwino. Zitsekerero za mabotolo zimathandiza: chagada ndi moto, chavundikira ndi phulusa.

Musaphatikize pamenepo lamulo loti munthu wayaka, aziyakabe mpaka wina amuzimitse. Fire elemental ali nalo, 1d10 nthawi iliyonse, koma iye ndi CR 5. Pa level 3 likakumana ndi munthu wakomoka, moto uliwonse umawerengedwa ngati death save (dayisi lopulumukira imfa) yolephera, ndipo katatu kokha munthu wapita.

Ngati mukufuna fisiyo aphulike pakufa, tengani za magmin, kachilombo ka moto kophulika kakafa: mafiti 10 mozungulira, Dexterity DC 11, 2d6. Koma achenjezeni. HP ikatsika pansi pa 15 nenani kuti ming'alu ya m'nthiti mwake yafiira ndipo thupi layamba kulira ngati nsungwi pamoto, kuti womaliza naye asankhe yekha kuima pafupi kapena kumulasa ndi uta. Ngati m'gululo muli tiefling (mtundu wa anthu a magazi a ziwanda), kumbukirani kuti moto wonsewu umamupweteka theka lokha, ndiye adzakhala woyamba kutsogolo.