Chubu chikung'ambika pa valavu, mpweya tiziika wochuluka bwanji?

Makaniko wachinyamata:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala wa njinga yamoto ya Yamaha Ténéré 700 amene amayenda pa tala kenako n'kulowa m'misewu ya miyala ndi mchenga, katundu ali kumbuyo. Wabweranso matayala onse ataphwa. Chubu chakumbuyo chang'ambika patsinde pa valavu, chakutsogolo chili ndi timabowo tiwiri toyandikana, koma msomali kapena munga palibe. Akuti akangosiya tala amaphwetsa mpaka 1.2 bar (muyeso wa mpweya m'tayala) poti anaona a mpikisano akutero. Ndimuuze chiyani?

Makaniko wamkulu:
Achimwene, matendawo mwawatchula kale nokha. Timabowo tiwirito ndi ntchito ya limu. Tayala lofewa likagunda mwala limafinyika mpaka pansi, chubu n'kupanika pakati pa limu ndi mwalawo. Kumbuyoko, akapatsa moto tayala limaterereka pa limu, limakoka chubu pang'onopang'ono mpaka valavu kuzuka. A mpikisano njinga zawo n'zopepuka, ndiponso amamanga rim lock yogwira tayala kuti lisasunthe. Ténéré imapitirira makilogalamu 200 munthu asanakwerepo n'komwe.

Buku la Yamaha limati pa tala 2.2 kutsogolo ndi 2.5 kumbuyo, kunja kwa tala 2.0 matayala onse awiri. Pa miyala, ndi katundu, ine sindingamulole kutsika kuposa pamenepo.

Woperekeza alendo pa njinga:
Madala, za miyala ndikuvomereza, koma mumchenga wakuya 2.0 imamuvutitsa munthu. Tayala lakutsogolo limakumba, chiwongolero chimalimbana nawe. Ine ndimatsitsa kufika cha m'ma 1.5 kuti tayala ligone motalikirapo n'kuyandama pamwamba. Koma ndi pamchenga pokhapo, ndiponso liwiro lochepa. Ukangotha timaima n'kupopanso. Amene alibe pampu m'chikwama asayerekeze kuphwetsa.

Makaniko wamkulu:
Mawu omalizawo ndi amene ndimafuna. Anthu amaphwetsa mosangalala, kupopanso ulesi. Tayala lofewa pa tala limapindika kwambiri m'mbali, limatentha, limadyeka msanga, ndipo pokhota njinga imagwedezeka. Zimandiwawa kwambiri chifukwa ovulala amakhala oti akanangoima mphindi zochepa.

Wokonza matayala:
Ndiwonjezereko. Pomanga chubu chatsopano musamange nati ya valavu mpaka kugunda limu, ibwezeni kumtunda pafupi ndi kachivindikiro. Tayala likayamba kuterereka valavu imapendekeka kaye, mwiniwake amaona isanang'ambike. Mulembenso kamzere kochokera pa limu kufika pa tayala; kakasiyana, dziwani kuti lasuntha.

Komanso kasitomalayo aziyeza matayala atazizira. Akangotsika kumene panjinga geji imawerenga zambiri chifukwa cha kutentha, ndiye wina amatulutsa mpweya poganiza kuti wachuluka, m'mawa n'kupeza watsikiratu. Agule geji yakeyake, za pamalo omwetsera mafuta zimasiyanasiyana.

Makaniko wachinyamata:
Nanga njinga za tubeless, za matayala opanda chubu, monga BMW R 1250 GS?

Wokonza matayala:
Imeneyo pa tala ndi 2.5 kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo. Chubu chopanika mulibe, inde, koma ndi yolemera pafupifupi makilogalamu 250. Mukatsitsa kwambiri mwala umapinda limu, mpweya n'kumathawira m'mphepete, ndipo kutchire limu yopindika simungaimate ndi chigamba.

Makaniko wachinyamata:
Zikomo akuluakulu. Ndimuikira machubu okhuthala, nati ndibweza kumtunda, ndipo manambala ndimulembera pa kapepala: 2.2 ndi 2.5 pa tala, 2.0 pa miyala, 1.5 mumchenga mokha. Pampu ndimuuza agule asanatenge njinga.