Banki yandichotsera overdraft nditadandaula za machaji, ndipange bwanji?

Mayi a Mapasa, Leicester

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chitichepetsereni maola chaka chatha ndakhala ndikudalira overdraft ya £900 (ngongole yomwe banki imakulola kutapa ndalama zako zikatha mu akaunti). Malipiro akalowa amangokwirira dzenjelo, pofika pakati pa mwezi ndagweramonso. Chiwongoladzanja chake chili pafupi ndi 40 peresenti, ndipo direct debit (bilu yomwe imadulidwa yokha mu akaunti) ikabwerera amadulanso ina pamwamba. Nditakhala pansi ndi masitetimenti ndinapeza kuti andidula ndalama zoposa £600.

Ndinawalembera kuti andibwezere poti ndili pamavuto. Yankho silinabwere. Chomwe chabwera ndi kalata yoti overdraft aichotsa, ndibweze yonse mwezi uno usanathe. Lendi ikudikira malipiro omwewo, mayi ku Ntcheu nawonso mankhwala awo amagulira zomwe ndimatumiza. Kodi ali ndi mphamvu yochita zimenezi? Ndilisiye dandaulolo kuti mwina andimvere chisoni?

Bambo wa ku Luton

Pepani achemwali. Mphamvuyo ali nayo, overdraft ndi ngongole yomwe banki itha kuyiitanitsa nthawi ina iliyonse. Za machaji ziyambe zadikira, pulumutsani kaye malipiro. Akangolowa mu akaunti imeneyo amezedwa ndi ngongole, lendi muisowa. Tsegulani basic bank account kwina mawa lomwe, ndi yaulere ndipo safuna kuti mbiri yanu ya ngongole ikhale yabwino. Onetsetsani kuti ndi banki yosakhudzana ndi yanuyo, chifukwa ena maina ndi osiyana koma mwini ndi mmodzi, ndipo atha kutapa uku kukatseka uko. Kenako kapatseni a malipiro kuntchito nambala yatsopanoyo.

Mnyamata wa pa Zingwangwa

Mayi, zobweza machajizi zinatha mu 2009 mabanki atapambana ku Supreme Court, khothi lalikulu la ku UK. Mungotaya nthawi.

Anti a ku Manchester

Ayi mwanawe, usawafooketse. Khothi mu November 2009 linagamula kuti bungwe la Office of Fair Trading silingaunike ngati kukula kwa machajiwo kunali kwachilungamo. Khomo limenelo linatsekekadi. Koma malamulo a FCA, bungwe loyang'anira mabanki kuno ku UK, amati munthu yemwe wapanikizika pa ndalama banki imuchitire molezera mtima, ndipo ikaona kuti akungokhalira mu overdraft mwezi ndi mwezi iyenera kumufikira ndi thandizo. Dandaulo lanu achemwali liime pamenepo.

Musalisiye. Lemberaninso, munene momveka kuti ili ndi dandaulo, mutchulenso kalata yochotsa overdraft ija. Ikanimo malipiro anu, lendi, council tax (msonkho wa kukhonsolo), magetsi, chakudya, ndi yotsala yomwe mungakwanitsedi kubweza pamwezi, ngakhale £20. Apempheni aimitse chiwongoladzanja. Musalonjeze pafoni ndalama yomwe mulibe chifukwa cha mantha, ndaona anzathu ambiri akutero kenako n'kumagona ndi njala.

Ali ndi masabata 8 oti ayankhe, kuwerengera pomwe analandira kalata yanu yoyamba. Akakana kapena akangokhala chete, pitani ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a anthu otsutsana ndi mabanki. Ndi kwaulere, ndipo muli ndi miyezi 6 kuchokera pa yankho lawo lomaliza. Sindikukulonjezani kuti £600 yonse ibwerera, ena amabwezeredwa gawo chabe, ena osapeza kanthu.

Imbiraninso StepChange kapena National Debtline, awa ndi alangizi a za ngongole, salipiritsa. Afunseni za Breathing Space, kuno ku England imaimitsa chiwongoladzanja ndi kukulondalondani kwa masiku 60. Dziwaninso kuti akaitseka akauntiyo ngati ngongole yolephereka, zimakhala pa mbiri yanu zaka 6, ndiye muwafunse bwino zimenezo musanavomere chilichonse.

Mayi a Mapasa, Leicester

Zikomo kwambiri anti, inunso achimwene a ku Luton. Akaunti ina ndatsegula ndili pa buleki, ndipo a malipiro ati asintha tsiku lolandira lisanafike. Kalata ndilemba usiku uno ana akagona. Funso limodzi anti: ndalama yomwe ndimatumiza kwa mayi ija ndiiyikemo pa mndandanda wa zofunika, kapena aiona ngati yongowononga?